Sakamoto Ryoma: anagwetsadi ulamuliro wa shogun kapena anangokhala mkhalapakati?

Kabwazi88
Abale, ndili ndi funso kwa inu odziwa mbiri ya ku Japan. Paliponse pamene akukamba za kutha kwa ulamuliro wa ashogun (akuluakulu a ankhondo amene ankalamulira dzikolo) a banja la Tokugawa mu 1867, dzina lotsogola limakhala la Sakamoto Ryoma. Kwawo ku Kochi bwalo la ndege analipatsa dzina lake, ndipo m'mbali mwa nyanja ku Katsurahama kuli chiboliboli chake chachikulu. Koma ndikayang'ana zimene anachita, mtima wanga sukukhutira. Munthuyu sanali mwini chigawo, sanakhalepo nduna, sanatsogolerepo gulu lalikulu lankhondo. Anaphedwa ali ndi zaka 31, boma latsopano lisanakhazikike n'komwe. Ulamuliro umene unakhala zaka zoposa 260 ungagwe chifukwa cha mnyamata mmodzi wothawa kwawo? Ulemu wonsewu ukuchokera pati?

Chitedze
Ukuchokera m'mabuku opeka ndi pa wailesi yakanema, basi. M'ma 1960 kunatuluka buku la nthano lonena za moyo wake, linagulidwa kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amamuona ngati mpulumutsi. Amene anagwetsa shogun ndi Saigo Takamori ndi Okubo Toshimichi a m'chigawo cha Satsuma, pamodzi ndi Kido Takayoshi wa m'chigawo cha Choshu. Amenewo anali ndi asilikali, mfuti ndi ndalama. Ryoma anali ndi pakamwa.

AphunzitsiAkale
A Chitedze, pakamwapo musapapeputse musanaone mmene dziko lija linamangidwira.

Mfumu yaikulu inkakhala ku Kyoto, yolemekezeka koma yopanda mphamvu. Kuyambira 1603 wolamulira weniweni anali shogun wa banja la Tokugawa, mkulu wa ankhondo, amene ankakhala ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo. Pansi pake panali eni zigawo oposa 250, aliyense ndi ankhondo ake otchedwa asamurai, msonkho wake wa mpunga ndi malamulo ake. Eni zigawowa ankakakamizidwa kukhala chaka china ku Edo, chaka china kwawo, akazi ndi ana awo n'kutsala ku Edo ngati chikole. Maulendo okhawo ankadya chuma chosaneneka, moti woganiza zoukira ankasowa poyambira. Ndiponso zigawo sizinkaloledwa kupangana zinthu pazokha shogun asakudziwa. Dongosolo lonse linakonzedwa kuti aliyense akhale payekha.

Ryoma anabadwa mu 1836 m'chigawo cha Tosa, chimene lero ndi Kochi, pa chilumba cha Shikoku. Ku Tosa asamurai anali apawiri. Banja la Yamauchi litapatsidwa chigawocho pambuyo pa nkhondo ya ku Sekigahara ya 1600, linabwera ndi anthu ake, ndipo amenewo ndiwo anakhala apamwamba. Amene anawapeza m'dzikomo anatsitsidwa. Ngakhale chovala ndi nsapato zinali ndi malamulo ake malinga ndi gulu lako. Banja la Ryoma linali la m'gulu lapansilo, koma linachokera ku nyumba ya amalonda olemera. Choncho mwanayu anakula akudziwa lupanga, akudziwanso ndalama, ndipo akudziwa kuwawa kwa kunyozedwa ndi munthu amene wangokuposa kubadwa.

Mu 1853 anapita ku Edo kukaphunzira lupanga. Chaka chomwecho, mu Julaye, Matthew Perry wa ku America anafika ndi zombo zinayi zankhondo kudzauza Japan kuti atsegule madoko. Ryoma anaikidwa m'gulu lolondera gombe, ndipo analembera bambo ake kalata yonena kuti nkhondo ikabuka abwera ndi mutu wa mzungu. Anayambira pamenepo, ngati anyamata ena onse okwiya a nthawiyo. Mu 1861 analowa gulu la Takechi Hanpeita lofuna kukweza mfumu yaikulu ndi kuthamangitsa alendo. Mu 1862 anatuluka m'chigawo popanda chilolezo.

NaPhiri_wa_pa_Msika
Aphunzitsi, kutuluka m'chigawo unali mlandu? Ine ndimayesa ndi kungosamuka.

AphunzitsiAkale
Unali mlandu waukulu, achemwali. Samurai anali munthu wa mbuye wake. Ukachoka wopanda chikalata unkasanduka wosakidwa, malipiro ako a mpunga ankatha, ndipo abale ako otsala ankatha kulangidwa. Koma onani chimene chinachitikira otsalawo. Takechi, mtsogoleri wa gulu lija, anamangidwa ndi akuluakulu a ku Tosa ndipo mu 1865 analamulidwa kudzipha. Ryoma akanatsala, mwina nkhani yake ikanathera pomwepo.

Nyamazikiti
Chimene chimandikoka ine ndi makalata amene ankalembera mchemwali wake wamkulu, Otome, amene anamulera mayi awo atamwalira. Alipo mpaka lero. Sankalemba monga munthu wamkulu wofuna kuopedwa, ankacheza, ankadzitama pang'ono, nthawi zina ankajambulamo tizithunzi. M'kalata ina ya 1863 anamuuza kuti akufuna kulichapanso dziko la Japan. Munthu wongopeka sangasiye makalata otero.

Chitedze
Palibe wanena kuti sanakhaleko. Ndikunena kuti anamukuza. Chitsanzo ndi nkhani ija yoti anapita kukapha Katsu Kaishu, ndiye atamva mawu ake anagwada n'kukhala wophunzira wake. Nkhaniyo inachokera kwa Katsu mwini wake atakalamba, ndipo akatswiri ambiri amaikayikira. Munthu wopita kukapha amatenga kalata yomudziwitsa kwa mwini nyumba?

Woyenda_Panyanja
Zopha zija tizisiye, koma kukumana kwawo n'koona ndipo ndi pamene munthuyu anatembenukira. Katsu anali wantchito wa shogun yemweyo, ndipo mu 1860 anaoloka nyanja kukafika ku San Francisco pa chombo cha Kanrin Maru. Anaona ndi maso ake kuti lupanga silingaimitse mizinga. Anauza Ryoma kuti ngati akufuna kuteteza dziko aphunzire zombo, ndipo zombozo zikhale za Japan yense osati za chigawo chimodzi. Anatsegula sukulu ya zapanyanja ku Kobe, Ryoma n'kumasonkhanitsa anyamata ochokera m'zigawo zosiyanasiyana. Boma la shogun linaitseka mu 1865 poona kuti mwadzaza anthu okayikitsa.

Ine ndagwirapo ntchito m'sitima zonyamula katundu, ndipo ndikudziwa chimene sitima imachita kwa anthu. Chingwe chikafunika kukoka, sufunsa kuti mnzako ndi wa kuti kapena bambo ake ndani. Anyamata a ku Kobe aja anatuluka m'menemo atasintha maganizo. Sukulu itatsekedwa, Ryoma anapita nawo ku Nagasaki n'kuyambitsa kampani yotchedwa Kameyama Shachu mothandizidwa ndi Satsuma, imene pambuyo pake inadzakhala Kaientai. Ankanyamula katundu, ankagula zombo ndi mfuti. Samurai weniweni wa nthawiyo ankanyansidwa ndi malonda. Uyu sankachita nawo manyazi.

Kabwazi88
Chabwino, ndiye anali wamalonda. Zikugwirizana bwanji ndi kugwa kwa shogun?

AphunzitsiAkale
Apa ndi pamene pagona nkhani, achimwene. Zigawo zamphamvu zimene zikanatha kulimbana ndi shogun zinali ziwiri, Satsuma ndi Choshu, ndipo zinkadana koopsa. Mu 1864 asilikali a Choshu anaukira ku Kyoto, pafupi ndi zipata za nyumba ya mfumu yaikulu, ndipo amene anawabweza ndi Satsuma pamodzi ndi chigawo cha Aizu. Anthu a Choshu ambiri anafera pomwepo, chigawo chawo n'kutchedwa mdani wa mfumu. Chaka chomwecho zombo za Britain, France, Netherlands ndi America zinaphwanya mizinga yawo ku Shimonoseki. Choshu inatsala yokha, yoletsedwa kugula zida, shogun akukonzekera kudzaimaliza.

Satsuma nayo inali italawa mizinga ya Britain ku Kagoshima mu 1863, ndipo inayamba kuona kuti Choshu ikatha, wotsatira ndi iwo. Koma ndani akanayamba kulankhula?

Njira imene inapezeka inali ya malonda. Mu 1865 mfuti zoposa 7,000 ndi chombo chimodzi zinagulidwa ku Nagasaki kwa wamalonda Thomas Glover m'dzina la Satsuma, n'kuperekedwa kwa Choshu. Choshu nayo inalonjeza mpunga wa asilikali a Satsuma. Anyamata a Ryoma anali pakati pa zokambiranazo. Chidani chinayamba kusungunuka chifukwa aliyense anapeza kanthu m'manja.

Kumayambiriro kwa 1866 Kido anapita ku Kyoto mobisa kukakumana ndi Saigo ndi Komatsu Tatewaki, mkulu wa boma la Satsuma. Anakhala masiku ambiri akudyetsedwa bwino, koma nkhani yeniyeni palibe anaiyamba. Kido ankati ife ndife ovutika, tikayamba ndife tikhala ngati opemphetsa. Ryoma anafika mochedwa, n'kupeza Kido akulongedza kuti azibwerera. Anapita kwa Saigo kukamuuza kuti Satsuma ndiyo iyambe. Pangano linatheka.

MayiWaAwiri
Apa ndiye ndamva bwino. Bambo a kunyumba kwathu akhalapo ankhoswe kangapo, ndipo ndaziona ndi maso. Mabanja awiri atakhala pamphasa, onse akufuna ukwati usathe, koma aliyense wagwira pakamwa kuopa kuoneka wogonja. Tiyi amaphikidwa, amazizira, amaphikidwanso. Nkhoswe alibe munda, alibe ng'ombe pa nkhaniyo, koma akapanda kutsegula pakamwa anthu amabalalika, ukwati n'kutha aliyense asakufuna. A Chitedze mukamati anali ndi pakamwa pokha, mukunena ntchito yovuta kwambiri.

Chitedze
Amayi, ndikukumvani, koma ankhoswe analipo awiri. Nakaoka Shintaro, wa ku Tosa komweko, anayenda maulendo ambiri pakati pa zigawo ziwirizo, ndipo ena amati anayamba ndi iye. Lero ndi angati amamudziwa? Komanso panganolo silinanene kuti tiyeni tigwetse shogun. Linali ndi mfundo 6, ndipo zambiri zinali zoti nkhondo ikabuka Satsuma ithandize Choshu ndi kuiyeretsera dzina kwa mfumu yaikulu.

AphunzitsiAkale
Za Nakaoka mwalasa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amaiwalika. Koma taganizirani ichi. Pangano lija linali la pakamwa. Kido, munthu wosakhulupirira msanga, analemba mfundo zonse m'kalata n'kuitumiza kuti wina aichitire umboni. Sanaitumize kwa mwini chigawo aliyense. Anaitumiza kwa Ryoma, wothawa kwawo, ndipo Ryoma analemba kuseri kwake ndi inki yofiira kuti zonse n'zoona monga anamvera. Kalatayo ilipo. Ameneyo si wolemba nthano wa m'ma 1960, ndi Kido mwini wake mu 1866 akusonyeza amene ankamudalira. Anamudalira chifukwa sanali wa Satsuma, sanali wa Choshu, ndipo ngakhale Tosa sinkamuwerengera.

Ndipo zotsatira zake zinaoneka chaka chomwecho. Shogun atatumiza asilikali ku Choshu, Satsuma inakana kupereka ake, ndipo Choshu ndi mfuti zatsopano zija inapambana. Dziko lonse linaona kuti chigawo chimodzi chikhoza kugonjetsa shogun.

Mbewa_ya_Manyazi
Glover ameneyu anali wa ku Scotland, eti? Anafika ku Nagasaki mu 1859, chaka chomwe David Livingstone, wa ku Scotland yemweyo, anafika pa nyanja yathu ino. Wina ndi Baibulo, wina ndi mfuti zogulitsa.

Makaniko_Zingwangwa
Ndipo amene tikuyendetsa ma Canter ndi ma Pajero tikhudzidwa nawo. Iwasaki Yataro, amene anayambitsa Mitsubishi, anali wa ku Tosa, ndipo ku Nagasaki ankayang'anira za ndalama zimene chigawo chinkapereka ku gulu la Ryoma. Kampaniyo inayamba ndi zombo, magalimoto anabwera pambuyo pake kwambiri.

Dalaivala_wa_Usiku
Canter yakale ija ya 4D32 sinkafa, akulu. Zatsopanozi zamagetsi ambiri zikangodwala, umasowa pogwira.

Makaniko_Zingwangwa
Vuto si galimoto, ndi mafuta akuda ndi kusasintha sefa pa nthawi yake. Bweretsani tione.

Kabwazi88
Akuluakulu, za ma injini mukakambirane kwina. Tabwererani ku Kyoto.

NaPhiri_wa_pa_Msika
Tikubwerera, koma ndifunse, m'nkhani yonseyi mulibe mkazi kupatula mchemwali uja?

WaKuFushimi
Alipo, ndipo popanda iye kalata ya inki yofiira ija sikanalembedwa. Pangano litangochitika, apolisi a shogun anazinga nyumba yogona alendo ya Teradaya ku Fushimi usiku, Ryoma ali m'chipinda cham'mwamba. Mtsikana wogwira ntchito pamenepo, Oryo, anali akusamba. Ataona anthu a mikondo panja anatuluka m'madzi n'kuthamangira m'mwamba kukachenjeza. Ryoma anadziteteza ndi kamfuti ka m'manja ka Smith & Wesson, anatemedwa m'manja, n'kuthawira kuseri ndi mnzake Miyoshi Shinzo. Anthu a Satsuma anamubisa, kenako iye ndi Oryo, atakhala banja, anapita ku akasupe otentha a ku Kirishima kuti mabala apole.

Ine ndinakhalako ku Kyoto pa maphunziro. Teradaya imene alendo amaonetsedwa lero inamangidwanso, yoyambayo inapsa pa nkhondo ya 1868. Chimene chinandigwira mtima ndi manda ake pa phiri la Ryozen, kum'mawa kwa mzinda. Umakwera masitepe ambiri, ndipo m'mbali mwake muli timiyala tafulati pamene anthu, makamaka achinyamata, amalembapo mauthenga kwa iye. Pamwamba pali miyala iwiri yoyandikana, wina wa Ryoma, wina wa Nakaoka. Ndiye a Chitedze, kumandako sanawalekanitse.

Chitedze
Kumanda ayi, koma pa timiyala timeneto dzina lolembedwa ndi la ndani?

WaKuFushimi
La Ryoma, pafupifupi ponse.

AphunzitsiAkale
Tifike tsopano pa funso lenileni la a Kabwazi. Atathandiza kupereka mfuti, Ryoma sanafune kuti dziko lilowe m'nkhondo yapachiweniweni. Ankaopa kuti Ajapani akamaphana, mayiko a ku Ulaya alowerera, pakuti France inali kale kumbali ya shogun ndipo Britain inkayandikana ndi Satsuma. Mu 1867 anagwirizana ndi Goto Shojiro, mkulu wa boma la Tosa, munthu yemwe anali m'gulu lozenga mlandu wa Takechi. Anzake ena a Ryoma anamuona ngati wapereka magazi a mnzawo. Iye anaona kuti Goto ndiye khomo lolowera kwa mwini chigawo, Yamauchi Yodo.

Maganizo anali akuti shogun abweze yekha ulamuliro kwa mfumu yaikulu, pakhale nyumba ya malamulo ya zipinda ziwiri, maudindo apite kwa anthu anzeru mosayang'ana kubadwa, mapangano ndi mayiko akunja akonzedwenso, palembedwe malamulo aakulu a dziko, ndipo pakhale asilikali apamadzi amphamvu. Goto anakauza Yodo, Yodo analembera shogun Tokugawa Yoshinobu, ndipo pa 9 Novembala 1867 Yoshinobu anabweza ulamuliro. Popanda kuwomba mfuti ngakhale imodzi tsikulo.

Chitedze
Aphunzitsi, nenaninso kuti chikalata chotchuka cha mfundo 8 chimene amati analembera m'chombo sichinapezeke, ndipo akatswiri ena amati chinakonzedwa pambuyo pake. Maganizo obweza ulamuliro sanali ake. Okubo Ichio, wantchito wa shogun, ananena zimenezo zaka zingapo m'mbuyo, ndipo za nyumba ya malamulo mphunzitsi wa ku Kumamoto, Yokoi Shonan, ankaziphunzitsa kale. Mu 2017 gulu lina la aphunzitsi a mbiri ku Japan komweko linafika popempha kuti dzina lake lichotsedwe pa mayina ofunika m'mabuku a sekondale.

AphunzitsiAkale
Cha m'chombocho n'chokayikitsadi. Koma pali china cha mfundo 8, cha Novembala 1867, cholembedwa ndi dzanja lake, ndipo chimenecho chilipo. Zoti maganizo anawatenga kwa ena sindikutsutsa. Okubo Ichio ananena, koma palibe anamumvera. Yokoi ankaphunzitsa, koma anali atatsekeredwa kwawo ku Kumamoto. Ryoma ndiye anawanyamula maganizowo kuchoka kwa anthu a shogun kupita nawo kwa adani a shogun, n'kuwafikitsa pa khomo limene likanatseguka.

Gogo_Chalo
Nonsenu mukukamba ngati zinatha mwamtendere. Sizinatero ayi. Masiku omwewo Yoshinobu akubweza ulamuliro, Iwakura Tomomi, mkulu wa ku nyumba ya mfumu yaikulu, ndi anzake anali atatulutsa kale mwachinsinsi lamulo la m'dzina la mfumu yaikulu louza Satsuma ndi Choshu kuti amugwetse ndi nkhondo. Ankadziwa kuti akangosiya dzina la shogun koma n'kusunga minda ndi asilikali, adzakhalabe wamkulu m'boma latsopano. Pa 3 Januwale 1868 analanda nyumba ya mfumu, n'kumulamula kuti apereke minda yake. Mwezi womwewo nkhondo inabuka ku Toba ndi Fushimi, ndipo inatha mu 1869 ku Hakodate.

Kawerengeni za Aizu. Anthu amenewo anangokhala okhulupirika kwa mbuye wawo monga anaphunzitsidwira. Mzinda wawo unazingidwa, anyamata 19 a zaka 16 ndi 17 anadzipha pa phiri la Iimori, ndipo otsala ambiri anasamutsidwira kumpoto kozizira kumene nthaka sibala. Ena mwa amene anawaombera anali ndi mfuti zochokera ku Nagasaki. Munthu amene anatsegula njira ya mfuti sangangoyamikiridwa chifukwa cha mtendere umene sunabwere.

Nyamazikiti
Agogo, koma nthawi imeneyo anali atafa kale. Pa 10 Disembala 1867, patangotha mwezi, anthu analowa m'nyumba ya Omiya ku Kyoto, ya wogulitsa msuzi wa soya, kumene ankabisala. Anali m'chipinda cham'mwamba ndi Nakaoka, akudwala chimfine. Anayamba kutema wantchito wake pa masitepe, kenako anamutema iye pamphumi asanasolole lupanga. Nakaoka anamwalira patapita masiku awiri. Poyamba anthu ankaloza gulu la Shinsengumi, koma mu 1870 Imai Nobuo wa gulu lina la apolisi a shogun, Mimawarigumi, anavomera kuti analipo. Munthu amene ankafuna kuti shogun atuluke ndi ulemu anaphedwa ndi anthu a shogun. Ndani akudziwa chimene akanachita mu Januwale?

Gogo_Chalo
Palibe akudziwa, mwanangu, n'chifukwa chake sindimuwerengera zimene sanachite. Kufa msanga kunamusungira dzina. Anzake amene anakhala ndi moyo anadetsa manja. Mu 1871 anathetsa zigawo zonse. Mu 1873 anabweretsa usilikali wokakamiza ndi msonkho wa nthaka wolipira ndalama, alimi n'kuukira m'madera ambiri. Mu 1876 analetsa asamurai kuyenda ndi malupanga ndipo anathetsa malipiro awo akale. Mu 1877 Saigo yemweyo anatsogolera asamurai okwiya kumenyana ndi boma limene anamanga, n'kufera ku Kagoshima. Okubo Toshimichi anaphedwa chaka chotsatira. Nyumba ya malamulo ija inadzatsegulidwa mu 1890.

MayiWaAwiri
Ndiye asamurai anagwetsa shogun n'kudzithetsa okha?

AphunzitsiAkale
Ndi mmene zinayendera, amayi, ndipo ambiri sanayembekezere. Ryoma ndi mmodzi mwa ochepa amene ankazifunadi. Munthu wokulira pansi pa asamurai apamwamba a ku Tosa analibe chifukwa chosungira dongosolo la kubadwa. Onani chithunzi chake chotchuka cha ku Nagasaki: wavala za chisamurai, kampeni m'chiuno, koma kumapazi kuli jombo za chizungu.

Kabwazi88
Zikomo nonse. Pamene ndaima tsopano ndi apa: sanagwetse shogun, ndipo amene amatero akuwonjeza. Koma kalata ya Kido ija yandikhutiritsa kuti anthu a nthawi yake ankamuona kukhala wofunika, si za m'nthano zokha. Chimene sichikundichoka ndi mawu a agogo. Anagulitsa mfuti mu 1865, n'kumafuna mtendere mu 1867. Ziwirizi zimakhala bwanji mwa munthu mmodzi?

Woyenda_Panyanja
Yoshinobu sakanamvera kalata ya Tosa akanapanda kuona asilikali ake akugonja ku Choshu. Mfutizo ndi zimene zinachititsa kuti kalatayo iwerengedwe.

Gogo_Chalo
Ndipo mfuti zomwezo sizinabwerere m'mabokosi kalata itawerengedwa.

Chitedze
Ine ndikadali pomwe ndinali. Ngati tikufuna munthu amene anapulumutsadi miyoyo, ndi Katsu Kaishu. Mu 1868 asilikali a boma latsopano atayandikira Edo, anakhala pansi ndi Saigo n'kupereka linga la shogun popanda nkhondo, mumzinda wa anthu pafupifupi miliyoni imodzi. A Kabwazi, tsegulani mutu wina wa ameneyo, ndibwera ndi zambiri.

Kabwazi88
Nditsegula mawa madzulo. Aphunzitsi ndi agogo, musasowe.